Masokosi pa Makamera

Lolemba, 4 Ogasiti

Fumbi pa zitini za penti, pa sikelo, paliponse. Misomali yaikulu yatha. Ogula ochepa, opepesa ambiri. Aliyense akalowa m'shopu amayamba wayang'ana pa mpando wa bambo, malemu amuna anga, kenako ine. Ndikudziwa anthu inu. Kulibe. Gulani chimene mwadzera muzipita.

Wa mapaipi anabwera chakumasana kudzagula tepi. Ndi uja anawapeza atagwa kuseri kwa kauntala tsiku lija, n'kuthamangira kumbuyo kuno kudzandiitana, ine ndili pa makina osokera, osamva kalikonse. Lero potuluka wakweza mutu, waloza kamera ya pamwamba pa kauntala. Akuti, "Mayi, a Tikonza athu ali umo, mukudziwa?" Iye amangocheza.

Ndinali nditaiwaliratu. Makamera atatu aja sanasiye kujambula. Bokosi lake lili pa shelefu m'chipinda cha katundu, kagetsi kofiira kakungophethira ngati palibe chachitika. Chifereni kompyuta yathu yakale palibe waonerapo, koma lokha likugwirabe ntchito.

Amuna anga ali m'bokosi. Akuyenda, akuyeza misomali, akukanda pamutu. M'foni muli zithunzi zawo zowerengeka, zonse ataima chilili ngati akufuna chiphaso. Choyenda ndilibe. Ndikufuna ndione kayendedwe kaja, kokoka phazi lamanzere. Basi. Sindikupempha zambiri.

Koma ndakumbukira mawu a munthu anaika makamerayo: "Limajambula pakakhala choyenda. Likadzaza limayamba kudya zakale." Nthawi yonse ya maliro shopu inali yotseka, panalibe choyenda. Tsopano ndinatsegula. Ndiye kuti aliyense wolowa kudzagula loko, ngakhale wodzangopepesa, akundidyera bambo pang'ono.

Ndatseka msanga.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Ndaveka makamera masokosi. Awo omwe, akuda aja a ubweya. Ndinakwera makwerero ndekha m'mamawa, bondo likulira. Ya pakhomo, ya pa kauntala, ya ku katundu. Kamera ikapanda kuona, palibe choyenda, bokosi lipuma. Mawaya sindikhudza, ndingawononge. Kuzimitsa ndiye ayi. Magetsi atathima ulendo wina bokosi linakana kudzuka mpaka bambo analimenya mbama, m'pamene anagula batire. Anati, "Ili likadzagona tulo teniteni silidzadzukanso."

Mayi wina wogula mahinjesi wafunsa ngati makamera akumva kuzizira. Ndamuyang'ana mpaka wasintha nkhani.

Madzulo ndatulutsa laputopu ija mwana wanga Nesi anatigulira yakale itafa. Yatsopano, yopepuka, yonyada. Waya wabuluu wochokera ku bokosi ukadali pa tebulo losokera pomwe unali. Ndalumikiza. Manambala a madontho aja, adiresi ya bokosi, ndimawadziwa pamtima, ndinkawalemba m'mawa uliwonse. Tsamba latseguka! Dzina, pasiwedi. Pasiwedi ndi yomwe ija inabwera ndi bokosi, bambo anati asintha. Zaka zonsezi. Sitinkawatcha a Tikonza pachabe. Chitseko cha bafa, tikonza. Mpope wodontha, tikonza. Munthu wogulitsa mipope!

Ndalowa. Timawindo takuda bii. Pamwamba kachizungu kakuti ndiike kapulogalamu kena. Ndadina. Katsika. Ndadinanso. Laputopu ikuti ayi, n'koopsa. Ndakakamiza, yalola monyinyirika. Ndabwerera pa tsamba. Mdima womwewo, mawu omwewo, ikani kapulogalamu. Ndaika kale iwe!

Apa m'pamene bambo analekera nawonso nthawi ija. Anangopinda laputopu, n'kunena mawu awo aja.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Nesi waimba ali ku ntchito, kumbuyo kukumveka mwana akulira. Akuti, "Amayi, ingolumikizani TV ku bokosiko." Ngati kuti sitinaganizepo. Kabowo kake kanapsa ndi mphenzi chaka chomwe tinaligula, n'chifukwa chake tinkaonera pa kompyuta. Kenako wayamba mawu ake aunesi, akuti ndikufuna kudzipweteka ndekha. Ndamuuza kuti jakisoni akabaye kumeneko, kuno ayi.

Sakudziwa mwanayu. Iye amayesa makamera anali a akuba. Poyamba, eya. Koma ine kumbuyo kuno ndikusoka makatani, kompyuta pambali, diso lina pa singano lina m'shopu. Bokosi silitenga mawu, ndiye tinali ndi zizindikiro zathu. Kukweza kapu yopanda kanthu ku kamera, ndiye tiyi. Kugogoda pa wotchi, bwera undilandire ndikadzithandize. Kugwira khutu, kwabwera achemwali anga, usatuluke. Manja onse m'mwamba, thamanga. Chomalizachi anachita kamodzi kokha, khoswe atatuluka kuseri kwa matumba a simenti. Ine kuthamanga ndi sizasi m'manja, kuwapeza ataima pa mpando. Bambo wamkulu, ndevu zoyera.

Kompyuta itafa anayamba kudzitengera okha tiyi pa khomo la kumbuyo, akudandaula kuti foni yawo yadulidwa.

Chimene sindinamuuze Nesi ndi ichi. Tsiku lija. Sindikudziwa anagona pansi nthawi yaitali bwanji wa mapaipi asanalowe. Sindikudziwa ngati anakweza manja. Tsiku limenelo sindikulifuna. Ndikufuna tsiku wamba, lopanda nkhani, akusesa ndi kuyasamula.

Ndayesanso laputopu. Mdima.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndapita nayo kwa mayi wa makompyuta. Kashopu kawo kali kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Msinkhu wanga kuchotsako pang'ono. Magalasi ena pamphuno, ena pamutu. Salonjera anthu, amalonjera makina. Ndawatcha a Magalasi, mumtima.

Afotokoza akudya chingamu. Pulogalamu yotsegulira masamba ija, iwo akuti bulawuza. Bokosi lathu linapangidwa kuti lizilankhula ndi bulawuza yamakedzana, kudzera mu kapulogalamu kaja. Zatsopanozi zinakakana kalekale, chifukwa akuba a pa intaneti ankalowera pomwepo. Akuti, "Laputopu yanu ndi yabwino mayi, bokosi nalonso ndi labwino. Sizikumvana basi." Ndati ndiye ngati ine ndi achemwali a bambo. Sanaseke.

Ndafunsa za pa foni, anthu ena amaonera pa foni. Akuti opanga bokosilo anasiya zimenezo, mwinanso anatseka n'kutseka. Akuti ndibweretse bokosi. Ndati silichoka pa shelefu, silizima. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndiye ndawauza chifukwa chake, mwachidule, ndikuyang'ana waya wina pa khoma. Chingamu chinaima kaye. Akuti abwera okha sabata ya mawa, ali ndi makompyuta a sukulu ina oti amalize. Pakadali pano anditumizira pa foni zoti ndiziyesa.

Potuluka afunsa, "Likujambulabe?" Ndati ayi, ndinaliletsa. Akuti mwachita bwino. Ndinamva kukoma, eti, ngati mwana wa sukulu.

M'basi munali bambo wina wa malaya a mizere ngati awo. Ndinapitirira potsikira.

Lolemba, 11 Ogasiti

Dzulo lonse pa laputopu, makatani a anthu ali phee. A Magalasi anati mkati mwa bulawuza yatsopano muli kakhomo kobisika koichititsa kuti izinamizira kukhala yakale. Ndakapeza, nditasochera kambirimbiri. Ndalembamo manambala a bokosi. Ndatseka, ndatsegula. Tsamba lasintha nkhope, zilembo zakula ngati kale. Kenako uthenga: kapulogalamu katsekedwa pofuna kukutetezani. Kunditeteza kwa ndani? Kwa amuna anga?

Lero alamu, ang'ono awo a bambo, atulukira ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya. Amva kwa Nesi. Akuti nkhani yaing'ono iyi, angochotsa disiki m'bokosimo, akaike pa kompyuta yawo, tionere madzulo ano. Ndisanayankhe anali atakwera kale pa ndowa ya penti. Mwayi wake ndinaimbira a Magalasi. Anakuwa mpaka alamu anamva ali pa ndowapo: "Asakhudze! Kompyuta siiwerenga disiki imeneyo, ingofunsa kuti ndifufute? Munthu akadina inde, kwatha."

Alamu akuti iwo sangadine inde. Iwo! Munthu amene amavomera funso lisanathe. Ndinagwira ndowa n'kuwauza kuti atsike ndisanaikoke. Atsika, atupa. Akuti anali akulu awo nawonso. Ndipo n'zoona. Potuluka anaima pa mpando uja, kuugwira pang'ono, n'kumapita. Akamaseka amafanana nawo kwambiri, ndiye sindifuna aziseka muno.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Penti wayenda, simenti ayi. Wa galimoto ya katundu wabweretsa maloko olakwika, ndipo akutsutsa. Bambo akanalandira n'kuthokoza. Ine ndamubweza nawo.

Ndapeza chizolowezi choipa. Mukakhala mopanda anthu ndimalowa m'chipinda cha katundu, kukhala pa thumba la laimu, n'kumamvetsera bokosi. Limalira pansipansi, nthawi zina kuti tche, tche. Ndi lofunda. Ndimaika dzanja pamwamba pake. Mayi wamkulu ngati ine, kusisita chitsulo. Kagetsi kaja kanasiya kuphethira chivekereni masokosi, kamangoyaka phee. Ndiye kuti lapumadi.

Ndayamba kuiwala zinthu, n'zimene zikundiopsa. Pensulo ankaika khutu liti? Ndakhala ndikuganiza kuyambira m'mawa. Lamanja, ndikuyesa. Koma ndikatsinzina ndikuiona kumanzere. Zaka zonse zija ndikuwayang'ana pa sikirini, ndinkayang'ana chiyani? Ngati akusinza. Ngati akucheza mopitirira ndi mayi wa ku saluni uja. Pensulo sindinaisamale, ndinkati ilipo, idzakhalapo.

A Magalasi akuti Lachisanu.

Ndawasowa bambo. Ndalemba, ndawerenga, sizinachepe.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Sindikudziwa ndiyambire pati.

A Magalasi anafika masana, chikwama kumsana. Analowera khomo la kumbuyo, molunjika pa tebulo losokera. Tiyi anakana. Anakankha nsalu za anthu n'kuyamba. Anachotsa kapulogalamu ndinaika kaja, akuti kanalowa theka. Anakaikanso monga mwini wake wa kompyuta. Anauza bulawuza kuti bokosi lathu ndi lodalirika, kutsitsa chitetezo apa, kuloleza apo, akutukwana pansipansi. Kenako anati, "Ehe."

Timawindo titatu tinayaka. Koma si shopu. Zotuwa, zonjenjemera, ngati nyerere pa bulangeti. Pakona pa kalikonse kadontho kofiira.

Anatsitsa magalasi a pamutu kuwaika pamwamba pa enawo. Ananyamuka, kulowa m'shopu, ine pambuyo. Anayang'ana kudenga. "Mayi, ndani waveka makamera masokosi?"

Kamera ikaphimbidwa imayesa ndi usiku, imayatsa timagetsi take tosaoneka ndi maso. Kuwalako kumamenya ubweya, ubweya kumanyezimira, bokosi kumayesa chinthu chikuyenda. Osaleka. Usana ndi usiku, makamera onse atatu, kuyambira tsiku ndinakwera makwerero lija. Ogula anga akanadya pang'ono chabe. Masokosi adya osapuma. Kagetsi koyaka phee kaja sikanali kupuma, kanali kujambula, ine ndili pa thumba la laimu ndikusisita.

Anathamangira ku bokosi, kuzula mawaya a makamera kumbuyo kwake, tho, tho, tho. Basi. Zinali zimenezo. Dzanja limodzi likanatha.

Ndinafunsa kuti chatsala n'chiyani. Anayesa kutsegula zakale, bulawuza inauma, kenako kudzitseka yokha. Anayesanso, chimodzimodzi. Za panopa zikuoneka, zakale zikukana. Akuti kunamizira kuja kwafika polekezera, pakufunika kompyuta yakale yeniyeni. Sananditonze. Bola akanandikalipira.

Loweruka, 16 Ogasiti

Sindinatsegule. Masokosi ndachotsa. Ali pa tebulo apa.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Nesi amaimba m'mawa ndi madzulo. Akuti, "Simunadziwe amayi." Eya, sindinadziwe. Kodi disiki imafunsa ngati munthu akudziwa?

Ndakwiyira aliyense. Wa mapaipi, chifukwa cha pakamwa pake. Woika makamera, chifukwa chofotokoza theka. Opanga malaputopu, amene amaganiza kuti chinthu chikakalamba chileke kulankhula. Makamaka bambo. Mukanakonza nthawi ija! Mukanaitana munthu, mukanasintha bokosi, mukanachita chimodzi chokha mwa zonse munalonjeza. Ndinawakalipira mokweza ndili pa sinki, mpaka aneba anasuzumira pa mpanda. Ndikanakonda ayankhe, ngakhale ndi mawu awo otopetsa aja.

Masokosi ndinati nditaye. Ndachapa. Awiri ofanana, imodzi yosowa inzake. Yosowa inzakeyo ili ndi chibowo pa chala chachikulu, chimene ndinati ndisoka. Nanenso eti.

A Magalasi anabwera kudzatenga laputopu. Kompyuta yakale yoyenda sanaipeze, zonse zili kwa iwo n'zakufa ngati yathu. Koma akuti amanga kompyuta yakale mkati mwa yatsopanoyi, ndi bulawuza yake yamakedzana, izikhala m'menemo ngati nkhalamba yosungidwa m'nyumba ya mwana wake. Sindinamve bwino. Ndati mangani.

Usiku ndimalota ubweya. Bokosi likadali lofunda, koma sindikulowako.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Zatseguka.

Mkati mwa sikirini, kasikirini kena. Poyaka kanalira kaphokoso komwe kaja ka kompyuta yathu yakale, ndinatsala pang'ono kukapatsa moni. Kapulogalamu kaja kanalowa osafunsa funso. Manambala, dzina, pasiwedi ya bambo yosasintha. Kunatuluka kalendala, masiku okhala ndi zojambula atapakidwa mtundu.

Tinayamba kubwerera m'mbuyo. Masokosi. Masokosi. Masokosi. Kenako ine pa makwerero, nkhope kudzaza sikirini, lilime kunja, kenako mdima. Kenako masiku amene ndinatsegulanso shopu, ndaima pa kauntala ngati mlendo. Kenako mpata wa maliro, mulibe kanthu, kupatula pepala louluka pakhomo. Kenako tsiku limodzi lopakidwa. Kumbuyo kwake mbee.

Limodzi. Ndipo ndi lija.

Masabata onse a bambo adyedwa, latsala tsiku limene ndinati sindikulifuna. A Magalasi akuti akanachedwa pang'ono nalonso likanapita. Analikopera pa fulashi, ndi pa laputopu penipeni, loti lizitseguka popanda bulawuza, popanda bokosi, popanda kupempha aliyense. Akuti, "Ili silidyekanso." Anafunsa ngati ndikufuna aonere okha kumapeto kwake, adule, andisiyire zabwino zokha. Ndinaganiza kanthawi. Ndati musadule kalikonse, adyedwa mokwanira.

Lero tiyi anamwa. Ataimirira, chikwama chili kale kumsana. Pobweza kapu anati, "Anga sanasiye ngakhale sokosi." Sindinadziwe kuti nawonso amuna awo anamwalira. Ndisanaike kapu pansi anali atafika pa msewu.

Sindinaonere. Fulashi ili m'chitini cha mabatani.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Ndaonera m'mawa wa tsiku lija.

Chitseko chachitsulo chikukwera, kuwala kulowa. Miyendo kaye. Kenako iwo. Mayo ine. Phazi lamanzere likukoka. Malaya a mizere aja, ndinasita ndine. Chithunzi n'chosaoneka bwino, mitundu yofwifwa, akuyenda modumphadumpha pang'ono, koma ndi iwo, ndi iwo ndithu.

Pensulo ili kumanja. Kenako aichotsa, alemba pa thabwa, aibwezera kumanzere. Ndiye ndinkakhoza konsekonse! Ndinaseka mpaka kuseka kunasanduka china.

Akusesa. Amasesa ngati akupempha fumbi chilolezo. Atulutsa mawilibala panja, awamanga tcheni. Akulimbana ndi loko wovuta uja, akupukusa mutu, milomo ikuyenda. Mawu palibe, koma ndikhoza kulumbira chimene ananena.

Kenako ine. Ndalowa ndi katani pa phewa, kudzatenga tepi yoyezera. Osawayang'ana n'komwe. Ndikulankhula, dzanja likuloza shelefu, ndikudandaula china chake, kaya n'chiyani, ndatuluka. Iwo andiperekeza ndi maso mpaka chitseko chatsekeka. Kenako adzuka, dzanja m'chiuno, akuloza shelefu, pakamwa pakuthamanga, chiuno chikugwedezeka. Akunditsanzira! Shaa! Ndiye kompyuta itafa munapeza ufulu eti? Ndipo akukhoza, n'zimene zandipsetsa mtima. Ndabwereza mpaka maso awawa.

Ndaimitsa pamenepo. Tsiku ndi limodzi, sindilimeza lonse. Pang'onopang'ono, monga eni ake.

Lachiwiri, 26 Ogasiti

Ndinaitana alamu dzulo. Anakhala pa mpando wa makina, chipewa m'manja. Pamene akulu awo amanditsanzira anaseka, ndipo ndinawalola. Anapempha ndibwereze pomwe amasesa. Pochoka sanayang'ane kumbuyo, ndinangomva akumina panja.

Nesi ndamutumizira kachidutswa ka m'mawa. Waimba akulira ndi kuseka, akuti kamera yawanenepetsa adadi. Kenako akuti, "Amayi, mukafika masana muime. Ndibwera tidzaonere limodzi." Ndati chabwino.

Lero ndawonjezera pang'ono. Agulitsa waya kwa mmisiri wina, amuyezera mopitirira monga mwa nthawi zonse. Mayi wa ku saluni wadutsa, angokweza dzanja, basi, osatulukanso. Pepani mayi. Adya buledi ataima. Asinza, adzidzimuka, ayang'ana uku ndi uku ngati pali wawaona. Ndakuonani bambo.

Asisita mkono wamanzere. Kenako pakapita nthawi, asisitanso. Iwo akuyesa ndi mawilibala aja.

Linali tsiku wamba. Lija ndinkapempha lija, lopanda nkhani, akusesa ndi kuyasamula. Wamba mpaka masana. Kamzere koyenda pansi pa chithunzi kayandikira kumapeto.

A Magalasi atumiza uthenga, akuti mawaya a makamera tibwezere liti, akuba sanamve za maliro. Ndayankha kuti tikonza. Zinangotuluka zokha.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Ndinati ndidikira Nesi. Sindinathe.

Shopu ndatseka masana. Makina osokera ndavundikira nsalu, ndisamawaone.

Pa chithunzi dzuwa lafika pa zitini za penti, nthawi yomwe ija. Mulibe wogula. Akhala pa mpando. Asisita pachifuwa. Aimirira, agwira kauntala ndi dzanja limodzi. Ine manja pakamwa. Mumtima ndikuti tsopano akweza manja onse, ndikudziwa, akweza, ndipo ine ndili kuseri kwa khoma ili ndikupinda katani la munthu.

Koma ayi, awerama. Akufuna china chake pansi pa kauntala. Kapu. Yabuluu ija, yomata chogwirira ndi guluu. Ayang'anamo, mulibe kanthu. Ayang'ana khomo la kumbuyo. Latalika lero, ndikuona pa nkhope. Kenako akweza maso, molunjika kuno. Akudziwa kuti kompyuta inafa, ndi iwo anaikankhira pansi pa bedi. Akudziwa kuti palibe akuona. Koma akweza kapu m'mwamba ngati kale, nsidze nazo m'mwamba, kakumwetulira kaja kopempha.

Ndaimitsa pomwepo.

Kamzere katsala kachidutswa ngati chikhadabo. Chili m'menemocho chidikire. Nesi akabwera, kapena ayi, kaya. Panopa bambo aitanitsa tiyi.

Ndinapita m'shopu, kugwada kuseri kwa kauntala, malo amene ndakhala ndikuwalambalala. Kapu ili pomwepo, pamalo pake, yosasweka, fumbi pang'ono. Ndiye kuti anaibwezera bwinobwino. Ndaitsuka. Ndatereka madzi. Masamba ambiri, shuga uja adokotala analetsa, lero sindikangana nawo.

Akadali chikwezere pa sikirini. Akudikira, sakudandaula, sanadandaulepo. Ketulo yayamba kulira.

Ndaona bambo. Ndaona, tsitsani dzanja. Ndikubwera